Kodi gofu ili ndi kamenyedwe kamodzi kokha kolondola?

  

Lero tikamba za gofu. Ndikudziwa kuti wina dzanja lafika kale pa wailesi kuti asinthe siteshoni, akuti gofu ndi ya mabwana a ku Lusaka, ife kuno nkhani zathu ndi chimanga, makala ndi golide wa m'mapiri. Tadikirani pang'ono, akulu. Pali mkangano umene aphunzitsi a masewerawa akhala akukangana kwa zaka zoposa 100, ndipo munthu aliyense amene anaphunzitsapo mnzake ntchito ya manja angathe kuulowa. Mkangano wake ndi uwu: kodi pali njira imodzi yokha yolondola yozunguzira ndodo ya gofu, imene aliyense ayenera kutsata? Ine ndikuti palibe. Koma musafulumire kuwomba m'manja, chifukwa yankho limeneli lili ndi mbali ina imene aulesi sakonda kuimva.

Choyamba, kwa amene gofu amangoiona pa TV. Mpira wake ndi waung'ono, wolimba, mamilimita pafupifupi 43 m'mimba mwake, ndipo sulemera kupitirira magalamu 46. Wosewera amaumenya ndi ndodo yokhala ndi mutu wachitsulo kuchokera patali mpaka ulowe m'kabowo ka mamilimita 108. Bwalo lathunthu limakhala ndi mabowo 18, ndipo wopambana ndi amene wamaliza atamenya kochepa kuposa anzake. M'chikwama saloledwa kunyamula ndodo zoposa 14. Mpirawo sukuthamanga, palibe amene akukulanda, palibe goloboyi. Uli phee pa udzu, ukudikira iwe. N'chifukwa chake anthu amadabwa kuona munthu wamkulu, wanzeru zake, akuuphonya mpaka ndodo kukumba dothi.

Ife a ku Rufunsa tikafuna kuona masewerawa ndi maso, timalowera chakumadzulo: ku Bonanza kufupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, ku Chainama Hills, kapena ku Lusaka Golf Club. Chakum'mawa kuli bwalo la ku Chipata, limodzi mwa akale kwambiri m'dziko muno. Ndipo gofu si yachilendo ku Zambia monga ena amaganizira. Malemu a Kaunda ankaikonda kwambiri, moti ankasewera ku State House komweko. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akatswiri a ku Ulaya ankabwera kudzalimbirana chikho cha Zambia Open nyengo imene kwawo kunali kuzizira.

Mmodzi mwa amene anatenga chikhochi, mu 1985, anali Ian Woosnam wa ku Wales. Munthu wamfupi ameneyu, masentimita pafupifupi 164 basi, anakulira pafamu ya makolo ake, ndipo mphamvu za m'mikono anazipeza posenza mitolo ya udzu wa ng'ombe. Mu 1991 anapambana mpikisano wa Masters ku America, ndipo m'chaka chomwecho anakhala nambala wani padziko lonse. Tsopano muikeni pambali pa Ernie Els wa ku South Africa, chimphona cha masentimita oposa 190, amene amazunguza ndodo mosafulumira ngati alibe nazo ntchito, koma anatenga zikho zinayi zikuluzikulu. Bwerani nayenso Nick Price wa ku Zimbabwe, amene kamenyedwe kake kanali kothamanga moti ukaphethira wapeza mpira uli kale m'mwamba. Mu 1994 yekha anapambana zikho ziwiri zikuluzikulu. Anthu atatu, matupi atatu, liwiro losiyana. Ndani mwa iwo amene ankalakwitsa?

Komabe amene amati njira ndi imodzi si anthu opusa, ndipo tiyenera kuwamva bwino. Mu 1957 Ben Hogan wa ku America, amene ambiri amati palibe anamenyapo mpira molunjika ngati iye, anatulutsa buku lotchedwa Five Lessons. M'menemo anafotokoza kagwiridwe ka ndodo, kaimidwe ka miyendo, ndi njira imene ndodo iyenera kudutsa pokwera ndi potsika. Bukuli likugulitsidwabe mpaka lero. Aphunzitsi ambiri anakula nalo, ndipo malangizo amene mungamve pa bwalo lililonse ndi a mtundu womwewo: dzanja lamanzere likhale pamwamba, lamanja pansi, mkono wamanzere uwongoke, mutu usagwedezeke, mapazi akhazikike. M'zaka za m'ma 1960 kampani ina yopanga ndodo inafika popanga makina omenya mpira, kutengera kamenyedwe ka Byron Nelson, amene mu 1945 anapambana mipikisano 11 motsatizana. Makinawo anawatcha Iron Byron, ndipo anagwira ntchito yoyesa mipira ndi ndodo kwa zaka zambiri. Ukaona chitsulo chikumenya mofanana m'mawa mpaka madzulo, n'zosavuta kuganiza kuti munthu nayenso angotengera chomwecho basi.

Chovuta n'chakuti Hogan analemba za thupi lake ndi vuto lake. Iye ali mnyamata mpira wake unkakhotera kumanzere koopsa, ndipo zambiri zimene anapeza zinali mankhwala a nthenda imeneyo. Koma anthu ambiri ongoyamba kumene nthenda yawo ndi ina: mpira wawo umathawira kumanja. Akamwa mankhwala a Hogan osaunika, nthenda ija imangokula.

Tsopano titenge malamulo aja, limodzi ndi limodzi, tione amene anawaphwanya.

Lamulo la kagwiridwe analiphwanya ndi munthu wa kuno kwathu kum'mwera kwa Africa. Dzina lake Sewsunker Sewgolum, koma anthu ankangomutcha Papwa. Anali wa mtundu wa Amwenye a ku Durban, mwana wa m'banja losauka, wosapita kusukulu. Gofu anaidziwira pa ntchito ya u-caddie, ndiko kunyamula chikwama cha ndodo cha azungu ndi kuwafunira mipira m'tchire. Popeza panalibe womuphunzitsa, ndodo anaigwira chosemphanitsa: dzanja lamanja pamwamba, lamanzere pansi, pamene iye ankamenyera mbali ya anthu a dzanja lamanja. Mphunzitsi aliyense akanamuona tsiku loyamba akanamumenya pa zala. Ndi kagwiridwe komweko Papwa anapita ku Ulaya n'kupambana Dutch Open mu 1959, kubwereza mu 1960, n'kubwerezanso mu 1964. Kwawo anapambana Natal Open mu 1963, ndipo mu 1965 anaitenganso atagonjetsa Gary Player mwini wake, katswiri wa zikho zikuluzikulu zisanu ndi zinayi. Dziko lonse linaona chithunzi cha Papwa akulandira chikho cha Natal Open panja mvula ikugwa, chifukwa malamulo a tsankho sankalola munthu wa khungu lake kulowa m'nyumba ya kalabu. Pambuyo pake boma la tsankho linamutsekera mipikisano ya azungu, ndipo anamwalira ali wosauka mu 1978. Onani bwino: chimene chinamuimitsa Papwa sichinali manja osemphana aja. Manjawo ankagwira ntchito yawo bwinobwino.

Lamulo la mkono wowongoka analiphwanya ndi Calvin Peete, munthu wakuda wa ku America. Ali mwana anathyoka chigongono chamanzere, ndipo fupa linalumikizana molakwika, moti mkonowo sunkatha kuwongoka moyo wake wonse. Gofu anaiyamba mochedwa, atapitirira zaka 20, akuchita geni yogulitsa katundu kwa anthu ogwira ntchito m'minda. Kwa zaka 10 zotsatizana, kuyambira 1981 mpaka 1990, pa akatswiri onse a PGA Tour panalibe woponya mpira pakati pa bwalo kawirikawiri kuposa iye. Anapambana mipikisano 12.

Lamulo la njira ya ndodo analiphwanya ndi Jim Furyk. Uyu ukamuona koyamba umaseka. Amaima moyandikira kwambiri mpira, ndodo amaikweza chowongoka m'mwamba, kenaka pamwambapo imachita ngati yasokera, n'kuzungulira, n'kutsikira njira ina. Mphunzitsi wake anali mmodzi yekha, bambo ake omubala, amene anakana kusintha kamenyedwe ka mwana wawo. Furyk anapambana US Open mu 2003, ndipo mu 2016 anamaliza mabowo 18 atamenya ka 58 kokha, chinthu chimene chinali chisanachitikepo pa PGA Tour.

Ena tingowatchula mwachangu. Jon Rahm wa ku Spain anabadwa ndi phazi lamanja lopindika, ndipo ngakhale madokotala analiwongola, kakolo wake sapindika bwino. N'chifukwa chake ndodo saibweza kutali kumbuyo. Koma US Open ya 2021 ndi Masters ya 2023 zili m'nyumba mwake. Scottie Scheffler mapazi ake amatsetsereka pomenya ngati waponda matope, koma watenga Masters kawiri, 2022 ndi 2024. Bubba Watson, wamanzere, sanakhalepo ndi mphunzitsi, nayenso Masters anaitenga kawiri.

Nanga zikutheka bwanji kuti anthu omenya mosiyana chonchi onse n'kufika pamwamba? Apa ndiye pagona nkhani.

Mu 1968 ku Britain kunatuluka buku la Alastair Cochran ndi John Stobbs, lochokera pa kafukufuku wa asayansi amene anakhala zaka zingapo akujambula osewera ndi makamera othamanga. Mutu wa bukulo unali wofunafuna kamenyedwe kangwiro. Chimodzi mwa zimene anaonetsa n'chakuti ndodo ndi mpira zimakhudzana kwa kanthawi kochepa zedi: dulani sekondi imodzi m'zidutswa 2,000, mutengepo chimodzi. M'kanthawi kameneko ubongo sungathe kutumiza uthenga uliwonse kumanja. Pamene wosewera akumva kugunda m'zala zake, mpira wanyamuka kale. Ndiye kuti mpira sudziwa kuti chigongono chako chinali chopindika, sudziwa kuti pamwamba ndodo inasokera, sudziwanso kuti unaphunzira kwa yani. Umangomvera zinthu zochepa: kumene nkhope ya ndodo yaloza panthawi yogunda, njira imene mutu wa ndodo ukudzera, kaya ukutsika kapena ukukwera, liwiro lake, ndi malo a pankhope pamene mpira wagunda. Mphunzitsi wina wa ku England, John Jacobs, anamanga uphunzitsi wake wonse pa mfundo imeneyi. Iye ankayamba wayang'ana kaulukidwe ka mpira, kenaka n'kubwerera m'mbuyo kufufuza chimene thupi lachita.

Masiku ano pali timakina ta rada, monga TrackMan ya ku Denmark, timene timaima kumbuyo kwa wosewera n'kuwerenga zonsezi. Tatsimikiza kuti kumene mpira umayambira kulowera kumadalira kwambiri nkhope ya ndodo, ndipo kukhota kwake m'mwamba kumabwera chifukwa cha kusiyana kwa kumene nkhope yaloza ndi njira imene ndodo yadzera. Masamu ake ndi ouma mtima. Akatswiri amafikitsa mutu wa ndodo yaitali pa liwiro loposa makilomita 180 pa ola. Mpira ukanyamuka molakwika ndi madigiri awiri okha, pa mtunda wa mamita 200 ukhala utapatuka mamita asanu ndi awiri, tisanawerengere kukhota kwa m'mwamba. Mamita amenewo ndi okwanira kukuchotsa pa udzu wometedwa n'kukuika pansi pa mtengo.

Inu a kuno zimenezi mumaziona mvula ikamatha, mwezi wa Marichi kapena Epulo, anthu akamatchetcha udzu m'mbali mwa msewu waukulu. Imani pang'ono muwayang'ane awiri amene ayandikana. Wamtali amabweza chikwakwa mpaka kuseri kwa phewa, thupi lonse n'kutembenuka, n'kusesa malo aakulu ulendo umodzi. Wamfupi, wa mapewa ojintcha, amachibweza pang'ono chabe, mphamvu n'kuitulutsa m'chiuno ndi m'dzanja, tchwe, tchwe, mofulumira. Wina amatchetcha ndi dzanja lamanzere. Wina dzanja lopuma amaliika kumsana, wina amagwira nalo kamtengo kokankhira udzu. Kapitawo akabwera madzulo safunsa kuti chikwakwa unachikweza mpaka pati. Amayang'ana udzu. Koma sendezani maso pansi, pamene chitsulo chikukumana ndi tsinde la udzu. Pamenepo onse odziwa ntchito amafanana: mpeni umadza chogona, pafupi ndi dothi koma osaligunda, ndipo liwiro lalikulu limafika pa udzu penipeni, osati usanafikepo. Wosadziwa amamenya udzu pakati, udzu n'kungowerama n'kudzukanso, kapena amakumba dothi mpaka dzanja kuchita dzanzi. Ndipo wodziwa amachita chimodzimodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Gofu ili chomwecho. Kumtunda kuli ufulu wambiri, koma pamene ndodo ikukumana ndi mpira ufulu ndi wochepa kwambiri. Mukawajambula akatswiri onse amene tawatchula n'kuimitsa chithunzi pa nthawi yogunda, kusiyana kuja kumachepa modabwitsa. Kulemera kwa thupi kwasamukira ku mwendo wakutsogolo. Chiuno chayamba kale kutembenukira kumene mpira ukupita. Pa ndodo zachitsulo zomenyera pansi, manja ali patsogolo pang'ono pa mpira, ndipo ndodo imagunda mpira choyamba, dothi pambuyo. N'chifukwa chake kachigamba ka udzu kamene kamazuka kamachokera kutsogolo kwa pamene mpira unali. Potsitsa ndodo, mphamvu imayambira pansi: miyendo ndi chiuno, kenaka chifuwa, kenaka mikono, ndodo pomalizira. Furyk ndi Els amasiyana ngati usiku ndi usana pokweza ndodo, koma ndondomeko imeneyi onse amaitsata. Choncho amene amati pali zinthu zosasinthika akunena zoona. Amangolakwitsa poziika malo olakwika: amaziika pa maonekedwe.

Ngakhale malamulo a masewerawa, amene amasungidwa ndi mabungwe a R&A ku Scotland ndi USGA ku America, sauza munthu kuti azunguze bwanji. Amangoti mpira umenyedwe ndi mutu wa ndodo, osati kukankhidwa kapena kukokoledwa. Analetsapo zochepa: mu 1968 analetsa kuima chotang'adza pamwamba pa mzere wa mpira pougubuduzira m'kabowo, njira imene katswiri wina, Sam Snead, anayamba kugwiritsa ntchito, ndipo mu 2016 analetsa kutsamiritsa ndodo pamimba kapena pachifuwa. Zina zonse anasiyira mwini thupi.

Tsopano mbali ija imene ndinati aulesi sakonda. Munthu akamva kuti njira si imodzi, amathamangira kunena kuti, "Basi, ine ndizimenya mmene ndafunira, ndi sitayilo yanga." Ayi, bambo. Kamenyedwe kachilendo kamakhala sitayilo pokhapokha ngati kakubala zipatso zomwezo nthawi ndi nthawi. Kupanda apo ndi kulakwitsa chabe kumene kwapatsidwa dzina labwino. Lee Trevino, amene anakulira mu umphawi ku Texas n'kuyambira pa u-caddie ngati Papwa, ankaima cholozera kumanzere n'kukankhira mpira kumanja, njira imene palibe buku linkaphunzitsa. Anatenga zikho zikuluzikulu zisanu ndi chimodzi. Koma kuseri kwake kunali mipira mazanamazana patsiku, pa dothi louma, mphepo ikuwomba. Peete nayenso ankamenya mipira mpaka mdima. Njira yachilendo imafuna thukuta lochuluka kuposa njira ya m'buku, chifukwa cholakwika chimodzi chimafuna chinzake choti chichikonze, ndipo ziwirizo ziyenera kukumana pa nthawi yake ulendo uliwonse. Pa Papwa mmodzi amene anapambana ndi manja osemphana, pali anthu ambirimbiri amene anagwira chomwecho n'kukhalira kusaka mipira m'tchire.

Nanga kusintha kamenyedwe n'kwabwino kapena n'koipa? Mbiri ikuyankha mbali zonse ziwiri. Nick Faldo wa ku England, ataona kuti kamenyedwe kake kamamutaya pa nthawi ya nkhondo yeniyeni, anapita kwa David Leadbetter, mphunzitsi amene anakulira ku Zimbabwe, n'kugumula zonse kuyambira 1985. Kwa zaka ziwiri anthu ankamuseka kuti wadziwononga. Mu 1987 anapambana Open Championship, ndipo anafikitsa zikho zikuluzikulu zisanu ndi chimodzi. Tiger Woods anapambana Masters ya 1997 atamenya kochepera ka 12 poyerekeza ndi womutsatira, kenaka, m'malo mokhutira, anasintha kamenyedwe ndi mphunzitsi wake Butch Harmon. Anasinthanso ndi Hank Haney, n'kusinthanso ndi Sean Foley. Atachitidwa opaleshoni ya msana mu 2017 anayenera kupeza njira ina yoti thupi lovulalalo lilole, ndipo mu 2019 anatenganso Masters, chikho chake chachikulu cha 15. Amene amati njira ndi imodzi atiuze: mwa njira zonse za Tiger, yolondola inali iti?

Koma kulinso Ian Baker-Finch wa ku Australia. Anapambana Open Championship mu 1991 ndi kamenyedwe kodalirika ngakhale kosafika patali. Pofuna kuwonjezera mtunda anayamba kusinthasintha, kumvera uyu, kumvera uyo. Pofika 1997, pa mpikisano womwewo ku Royal Troon, anamenya ka 92 tsiku loyamba n'kutuluka. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Msampha umenewu lero uli m'thumba la aliyense. Mnyamata wogwira ntchito pa bwalo la gofu ku Lusaka akagula bando, amatsegula YouTube kapena TikTok, n'kupeza aphunzitsi mazana, aliyense akulumbira kuti chinsinsi chili ndi iye. Lolemba auzidwa kuti dzanja lamanzere lipindikire kunja. Lachitatu wina akuti lipindikire mkati. Onse awiri akhoza kukhala akunena zoona, koma za anthu osiyana, a kagwiridwe kosiyana. Wa pa foniyo sanaonepo mpira wako ukuuluka. Ine ndikuona kuti vidiyo ya pa foni imathandiza kwambiri ukadzijambula wekha, kusiyana ndi pamene ukuonera ena, chifukwa chimene munthu amamva kuti akuchita ndi chimene akuchitadi kawirikawiri n'zosiyana.

Malo nawonso amaumba kamenyedwe, ndipo apa Zambia ili ndi phunziro lake. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja yaikulu. Mpweya wa pamwamba chonchi ndi wopepuka, choncho mpira umauluka patali kuposa kugombe, ndipo sukhota kwambiri. M'chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, dothi limauma gwa, mpira umadumpha n'kugubuduka mtunda wautali, ndipo ndodo ikagunda pansi msanga imanjanja. Wokulira pa dothi lotero amaphunzira kutola mpira mwaukhondo. Wokulira m'mphepete mwa nyanja ku Scotland amaphunzira kuuyendetsa chapansipansi kuti mphepo isaube. Madalitso Muthiya, mwana wa kuno ku Zambia, anapita kukaphunzira ku University of New Mexico, ndipo mu 2006 anakhala Mzambia woyamba kusewera mu US Open, pa bwalo la Winged Foot, kumene udzu wa m'mbali ndi wautali, wokola ndodo. Mu 2016 anapambana mpikisano wa Sunshine Tour ku Wild Coast, m'mphepete mwa nyanja ya Indian, kumene mpweya ndi wolemera ndipo mphepo sipuma. Munthu mmodzi, koma malo aliwonse ankafuna kuti mpira uuluke mwa mtundu wina. Katswiri sakhala ndi kamenyedwe kamodzi ngakhale m'tsiku limodzi: pali kokwera phiri, kotsika, kotuluka mumchenga, kodutsa pansi pa nthambi.

Tsono tiyerekeze kuti mwana wa ku Chinyunyu kapena wa kwa Shikabeta wapita kukakhala kwa amalume ake ku Lusaka, wapeza ganyu yonyamula zikwama pa bwalo, ndipo tsiku lina wina wamubwereka ndodo yakale. Timuuze chiyani? Ine sindingamuuze kuti achite zimene wafuna. Ndingamuonetse kagwiridwe kamene anthu ambiri amagwira, popeza ndi kamene kamabweza nkhope ya ndodo pa mpira mosavuta kwa anthu ambiri. Ndingamuonetse kaimidwe koti asagwe, ndi kalozedwe, chifukwa ambiri amene amadandaula kuti mpira wapita kolakwika amakhala kuti waulukira kumene mapewa awo analoza. Zitatu zimenezi amazikonza munthu ndodo isanayambe kuyenda, ndipo sizifuna mphamvu kapena luso lobadwa nalo. Zikatha izi ndingamusiye amenye, ine n'kumayang'ana mpira. Ngati patapita miyezi mpira ukupita kumene akufuna ngakhale chigongono chikuuluka, chigongonocho ndichisiya. Chinthu chimodzi chokha chimene ndingalowererepo ngakhale mpira ukuyenda bwino ndi ululu. Kamenyedwe kamene kakupweteka msana kapena bondo n'kolakwika kwa thupi limenelo, kaya kakuoneka kokongola chotani.

Ndipo inu amene mumaphunzitsa, kaya ndinu mphunzitsi wa pa kalabu kapena caddie wamkulu amene anyamata amakuyang'anirani, funso loyamba kwa wophunzira likhale lakuti, "Mpira wako ukumapita kuti?" Akati ukumanyamuka chakumanzere n'kukhotera kumanja kwambiri, mwadziwa kale ziwiri: ndodo ikudutsa mpira chopingasa kuchokera kunja, ndipo nkhope yake ndi yotseguka poyerekeza ndi njira imeneyo. Yambani ndi manja, muone ngati dzanja lamanzere lagwira motembenukira kwambiri kumanzere, moti mwini wake sakuona mfundo za zala zake akayang'ana pansi. Litembenuzeni pang'ono kufikira aone mfundo ziwiri kapena zitatu, amenye mipira khumi, muone ngati kukhota kwachepa. Akati ndodo ikumakumba dothi mpira usanagundidwe, jambulani mzere pansi ndi kamtengo, achotse mpira, ayese kuzula dothi kutsogolo kwa mzerewo kufikira zitazolowereka. Nthawi zambiri mupeza kuti thupi likutsalira pa mwendo wakumbuyo. Konzani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, ndipo musakhudze chachiwiri mpira usanakuuzeni kuti choyamba chagwira.